Nkhope ya Pakhoma la ku Medina

Uthenga wa Birame unafika Soukeyna ali pagalasi akumanga duku. Anauwerenga ndi diso limodzi, manja ali kumutu.

"Keyna, bola unditukwane. Kukhala chete kwakoku kukundidwalitsa. Ndili ndi nkhani, ndiyankhe."

Anaitembenuza foniyo n'kuisiya patebulo. Panali patapita masabata angapo chiyambanirane, ndipo mauthenga ambiri a Birame sankawatsegula n'komwe. Sanayambane chifukwa cha mkazi wina ayi. Soukeyna anali atangotopa ndi chibwenzi chokumanirana m'mbali mwa nyanja ngati akuba, ndiye tsiku lina anamuuza kuti atume akwawo kwa bambo ake ndi mtedza wa kola, monga amachitira mwamuna aliyense wofuna banja. Birame anaseka, koma kuseka kwake kunalibe chimwemwe.

"Wa kwa Thiam, mdzukulu wa osula zitsulo, akagogode kwanu kwa a Diagne, anthu amene mtundu wawo sukwatirana ndi osula? Adzatipatsa mipando, adzatipatsa madzi ozizira, kenako kola wathu adzatibwezera mwaulemu."

"Ndiwe wamantha," anatero Soukeyna tsiku limenelo, n'kunyamuka kumusiya yekha pamchenga.

Ali mkati mokumbukira zimenezi, chitseko chinatseguka popanda odi. Analowa azakhali ake, a Ndella, mlongo wa bambo ake, fungo la lubani litatsogola.

"Duku limenelo n'la kumaliro. Vala lachikasu lija."

"Azakhali, si tikungokaona nsomba?"

"Nsombazo zilibe nawe ntchito. Koma mwana wanga ali ndi maso."

Mwana wawoyo anali Latyr, amene anali atangobwera kuchokera ku Italy komwe anakhala zaka zambiri osaponda kwawo. Chibwerereni, azakhali ankapezeka pakhomo pa mlongo wawo tsiku ndi tsiku, akunong'onezana naye pakhonde. Palibe amene anamuuza Soukeyna chilichonse, koma panalibenso chofunika kumuuza.

Atatuluka anapeza bambo ake akumuseka Latyr pabwalo.

"Munthu wobadwira mu Dakar muno kufuna wina womuonetsa Dakar. Zimenezi ndaziona lero."

"Malume, mzinda umene ndinausiya si uno," anayankha Latyr. Kenako anatembenukira kwa Soukeyna n'kuwerama mwanthabwala, monga amachitira ana a azakhali kwa ana a amalume awo. "Bwana wanga wadzuka. Kapolo wako waitana kale takisi."

"Kapolo wanji wonunkhira chonchi?" anatero Soukeyna, ndipo anadabwa kudzimva akuseka.

* * *

Nyumba ya nsomba, kumene amazisunga zamoyo m'matanki agalasi kuti anthu azizionera, inali chakunyanja. Latyr anali atakonza zonse pafoni: poyamba nsomba, kenako zithunzi za m'makoma a ku Medina, dera lina la mu Dakar momwemo. Woperekeza alendo anali atawadikira pakhomo, atafulatira, akulankhula ndi mlonda.

Soukeyna anauzindikira msanawo munthuyo asanatembenuke. Anazindikira kapenti kobiriwira kamene sikankachoka pachigongono chake. Ankadziwa kuti Birame amaperekeza alendo akakhala kuti alibe khoma lojambula, koma mu Dakar operekeza alendo ndi ambiri.

Birame atatembenuka, kumwetulira kwake kunaima panjira. Anayang'ana Soukeyna, anayang'ana Latyr, anayang'ana duku lachikasu. Kenako anapita kwa azakhali n'kuwapatsa moni ndi manja awiri.

"Ndiwe wa kwa yani, mwana wanga?"

"Thiam, mayi."

"Thiam, Thiam," anatero azakhali, akubwereza dzinalo monga mwa moni. "Anthu a manja abwino. Zibangili izi anandisulira ndi a kwanu, ndipo mpaka lero sizinachite dzimbiri."

Mawuwo anali okoma, ndipo azakhali anawanena ndi mtima woyera. Koma Soukeyna anamva mpanda umene unali mkati mwake.

"Uyu ndi mwana wanga, wochokera kunja. Uyu ndi mwana wa achimwene."

"Mwaswera bwanji, achemwali," anatero Birame, maso ali pakhoma.

"Ndaswera bwino, kaya inu."

Mkati munali mozizira, mwamdima pang'ono, kuwala konse kukuchokera m'madzi. Azakhali sanachedwe kuiwala kuti ndi mlendo. Tanki iliyonse imene ankafika, ankaona chakudya.

"Iyi n'kuiika pa mpunga, pambali kabichi ndi chinangwa, anthu angaiwale kupemphera. Nanga iyi mukuisungiranji? Yakula kale."

"Muno nsomba sizidyedwa, mayi," anatero Birame. "Muno zimabwera kudzaonera anthu. Taonani iyo ikukuyang'anani, ikufunsa komwe munagula duku."

Azakhali anaseka mpaka kugwira mkono wa Birame. "Mwana uyu ali ndi pakamwa."

Anafika pa tanki yaikulu momwe munkayenda nsomba yonenepa, ya milomo yolendewera, ikusambira mosafulumira ngati mwini nyumba.

"Thiof," anatero azakhali mwaulemu, ngati akutchula dzina la mfumu. Anamugunda Soukeyna ndi chigongono. "Si atsikana a masiku ano mwamuna wokongola mumamutcha dzina la nsomba imeneyi? Nayu thiof wanga, ndamuvuula ku Italy."

"Amayi, thiof wanuyu anauma ndi chisanu," anatero Latyr, akukanda kumutu mwamanyazi.

Onse anaseka kupatula Birame, amene mwadzidzidzi anayamba kufotokoza za mchere wa m'madzi, zimene palibe anamufunsa.

* * *

Pakati pa ulendo mawondo a azakhali anayamba kudandaula. Anakhala pabenchi, ndipo Latyr anapita kukawagulira madzi. Soukeyna anayenda pang'onopang'ono kulowa m'kanjira kamdima komwe kunali kamba wa m'nyanja, wamkulu ngati thireyi ya paukwati. Sanacheuke, koma ankadziwa kuti Birame ali kumbuyo kwake.

"Ndiye ameneyu," anatero Birame chapansipansi, akuloza kamba ngati akufotokoza za kamba.

"Ndi msuweni wanga."

"Ndikudziwa chimene asuweni amabwerera kuchokera kunja. Duku lachikasu lija unati ndi langa."

"Duku lilibe mwini. Amavalira amene wagogoda pakhomo."

Kamba anabwera pafupi ndi galasi, anawayang'ana onse awiri ndi diso lotopa, n'kubwerera.

"Ukanatsegula mauthenga anga ukanadziwa," anatero. "Ndinapita kwa amalume ku Rufisque. Ndinawauza zonse, ndi dzina la bambo ako lomwe. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa ngati ndikudziwa kuti akachita manyazi atakalamba kale. Ndinati ndikudziwa. Anati chabwino, manyazi sapha, avala mkanjo wawo woyera. Akungodikira iwe unene tsiku."

Soukeyna anamva chinthu chikumasuka pachifuwa, chimene chinamangika kuyambira tsiku la pamchenga lija. Anaika dzanja pagalasi lozizira.

"Ukunena zoona?"

"Unanditcha wamantha, Keyna. Mawu amenewo sanandigonetse tulo."

"Ndinalankhula ndili wokwiya."

"Unalankhula zoona. Ndinkaopa. Ndikuopabe, koma ndibwera."

Anaika dzanja lake pagalasi pambali pa la Soukeyna, chala chaching'ono chikukhudza chala chaching'ono. Anakhala choncho osayang'anana.

"Pali chinanso," anatero Birame. "Masiku amene sunkandiyankha aja ndinachita chinthu ku Medina. Usakwiye. Lero sitidutsako, koma tsiku lina ndidzakuonetsa wekha."

"Chinthu chanji?"

Asanayankhe, Soukeyna anaona m'galasimo chithunzithunzi cha munthu wachitatu, ataima kumbuyo kwawo ndi mabotolo a madzi. Anachotsa dzanja ngati wagwira mbaula.

"Kamba ameneyu akuoneka kuti ali ndi nkhani zambiri," anatero Latyr mofatsa. Anamupatsa Soukeyna botolo, linalo n'kumupatsa Birame. "Imwani, achimwene. Mwalankhula kwambiri, kukhosi kwauma."

* * *

Ku Medina anafika dzuwa litapendeka. Makoma a kumeneko anali atavala zithunzi. Apa womenya zigogodo wamkulu ngati nyumba, zithumwa zili m'mikono. Apo mayi wogulitsa nsomba akuseka, dzino lagolide likuwala, ndipo pansi pa chithunzicho mayi weniweniyo atakhala pa kampando, akuthamangitsa ntchentche.

"Anandichepetsa m'chiuno," anadandaula mayiyo, akuloza Birame. "Ndinamuuza kuti ajambule zonse zimene Mulungu anandipatsa."

"Khoma linachepa, mayi," anatero Birame.

Apa ankayenda ngati kwawo. Ankadziwa amene anajambula khoma lililonse, ndi mwini nyumba amene poyamba anakana kenako n'kudzapempha yekha. Soukeyna ankamuyang'ana mobisa, mtima uli m'malo, akuganiza kale za tsiku loti anene.

Atakhota pangodya ina, Latyr anaima. Khoma lonse linali nyanja yakuda, ndipo pakati pake bwato lalitali lodzaza anyamata. Ena anali ndi nkhope, ena Birame anangowasiya oyera, opanda maso kapena pakamwa.

"Awa opanda nkhopewa?" anafunsa Latyr.

"Ndi amene sanafike ku Ulaya, anathera panyanja. Amayi awo amabwera kudzandiuza mayina, koma ena alibe n'chithunzi chomwe."

Latyr anayandikira khomalo n'kuika dzanja pa mmodzi wa oyerawo. Anakhala choncho mpaka azakhali anasiya kulankhula.

"Ndinali ndi Pathe m'bwato," anatero, osatembenuka. "Mukumukumbuka, amayi, wa kuseri kwa msika uja. Anakhala pambali panga ulendo wonse. Anandipatsa jekete lake chifukwa ine ndinkanjenjemera kwambiri. Iye sanafike." Anatsitsa dzanja. "Kunyumba ndinkangotumiza zithunzi nditaima pafupi ndi magalimoto a eni ake."

Azakhali anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku. Soukeyna anamuyang'ana msuweni wakeyo ngati akumuona koyamba. Chibwerereni ankangoona mafuta onunkhira ndi nsapato zosongoka. Sanaganizepo kuti mkati mwa zonsezo muli munthu amene anazizidwa.

"Mukadzapeza chithunzi chake mudzandipatse," anatero Birame. "Malo ake alipo."

Latyr anamugwira paphewa.

Atayenda pang'ono anapeza msewu watsekedwa. Banja lina linali ndi mwambo wopatsa mwana dzina, ndipo tenti inali itadzaza msewu kuchokera khoma ili mpaka ilo, ng'oma zikulira, amayi akuvina pakati pa mipando.

"Tibwerere momwe tadzera," anatero Birame mofulumira.

"Mawondo awa sabwerera," anatero azakhali. "Kanjira aka si kakutulukira kumsewu waukulu? Ine ndinakulira kuno, mwana wanga."

"Muli matope, mayi."

"Matope mvula isanagwe?"

Analowa m'kanjirako osadikira yankho. Birame anayang'ana Soukeyna, ndipo m'maso mwake munali kupepesa.

* * *

Khomalo linali la nyumba yosanja, ndipo nkhope inayambira pansi mpaka kudenga. Mkazi atacheuka pang'ono, ngati wina wamuitana dzina, tsitsi likuuluzika ndi mphepo ya kunyanja. Sanali kumwetulira kwenikweni, koma kumwetulirako kunali pafupi. Pachibwano panali kachipsera kakang'ono.

Soukeyna anagwira chibwano chake. Sanadzionepo chonchi. Pagalasi ankaona mphuno imene sankaikonda ndi mphumi yotakata. Apa anaona mkazi amene munthu anamuyang'ana nthawi yaitali osatopa. Misozi inabwera yokha, ndipo kwa kanthawi anaiwala amene anali nawo.

Azakhali anali ataima njo, chikwama chili pamkono.

"Kachipsera ako ndinakamanga ndine," anatero pang'onopang'ono. "Anagwa pamasitepe a kwathu ali mwana." Anatembenukira kwa Birame, ndipo nthabwala zonse za ku nyumba ya nsomba zinali zitachoka pankhope pawo. "Thiam. Wajambula ndani khoma ili?"

"Ndine, mayi."

"Mwana wa achimwene unamuona kuti, kuti udziwe ndi chipsera chomwe? Ku nsomba kuja munapatsana moni ngati alendo."

Ng'oma za kutenti zinkamvekabe, koma m'kanjiramo munali zii. Amayi awiri amene ankachapa pakhomo lina anasiya kuchapa. Birame anakoka mpweya, anaongoka, ndipo Soukeyna anaona kuti anena. Anena zonse, pompano, pamsewu, pamaso pa anthu ochapa.

"Amayi, mwandiwonongera," anatero Latyr, akuseka. "Ndinkafuna ikhale mphatso yodzidzimutsa. Ndinamutumizira chithunzi ndili ku Italy, ndinamupempha ajambule. Mukuganiza kuti ulendo wonsewu ndinaukonzera nsomba?"

Azakhali anayang'ana mwana wawo, kenako Birame. "Ndi zoona zimenezi?"

Birame anayang'ana Soukeyna. Sanali kupempha, ankangodikira. Mawu amodzi okha ochokera kwa iye, ngakhale kungogwedeza mutu, akananena.

Soukeyna anaona nkhope ya azakhali. Anaona nkhaniyo ikuyenda kuchoka m'kanjira aka, kudutsa kutenti, kukafika kwa bambo ake iye asanafike. Anaona bambo ake atazyolika pakati pa anzawo a kumzikiti.

"Ndi zoona, azakhali," anadzimva akunena. "Latyr anandiuzako pang'ono. Sindinkadziwa kuti n'chachikulu chonchi."

"Ndipo wakondwa nacho?"

"Ndakondwa."

Azakhali anaponya manja m'mwamba. Anamukumbatira Soukeyna, anamukumbatira Latyr, anauza amayi ochapa aja kuti aone mpongozi wawo. "Ine ndikuvutika kunong'ona pakhonde, osadziwa kuti ana anamaliza kale okha." Kenako anagwira dzanja la Birame ndi manja awiri. "Undikhululukire, mwana wanga, mtima wanga unathamanga. Manja ako ndi odala. Mbali iyi patsala malo. Ukwati usanachitike udzajambulepo mwana wangayu pambali pake."

"Ndamva, mayi," anatero Birame.

Anawaperekeza mpaka kumsewu waukulu, anawaimitsira takisi, anawatsegulira azakhali chitseko. Soukeyna polowa anafunafuna maso ake, koma Birame ankayang'ana magalimoto.

* * *

M'takisi azakhali anaimbira mlongo wawo, kenako mnzawo wa ku Pikine, kenako telala. Soukeyna anabisa foni m'mbali mwa ntchafu n'kulemba.

"Ndikhululukire. Ndinachita mantha."

Yankho linabwera asanafike kunyumba.

"Ndikudziwa mmene amapwetekera. Sindikutcha dzina limene unanditcha."

Analemba kuti, "Amalume ako asasinthe. Ndikonza."

Uthengawo unawerengedwa. Yankho silinabwere.

Atafika kunyumba anakwera padenga pomwe bambo ake ankasungira nkhosa, n'kukhala pa chidebe chovundikira. Posapita nthawi anamva mapazi pamasitepe. Anali Latyr. Anaima pataliko, akukanda nkhosa pamphumi.

"Ndi munthu wabwino," anatero. "Ndinaona ku nsomba kuja. Ndinaonanso pakhoma la bwato."

"Unanamiranji?"

"Unkafuna amayi akuvule duku pamsewu? Ukuwadziwa. Akanalira mokweza mpaka a kutenti akanasiya ng'oma."

"Ndiye pita ukawauze kuti unanama. Pano tili m'nyumba."

Latyr anayang'ana madenga a anthu ndi zovala zoyanikidwa.

"Ndikakuuza kuti ndinanama chifukwa cha iwe wekha, ndikhala ndanama kawiri," anatero. "Keyna, kumene ndimakhala kuja ndimabwera kuntchito n'kulankhula ndi khoma. Amayi akatumiza zithunzi za pa chikondwerero, ndinkakulitsa pamene pali iwe. Sindinauze munthu. Lero nditaona khoma lija ndinamva nsanje, chifukwa munthu wina anachita chimene ine sindikanatha. Bodza lija linatuluka mosavuta chifukwa ndinkalakalaka likanakhala loona."

"Latyr, mtima wanga uli kwina."

"Ndikudziwa. Sindikukakamiza. Ukapita kukawauza zoona, ndidzaima pambali pako, ndidzavomera kuti ndinanama. Koma usandipemphe kuti ndiyambe ndine. Zimenezo zokha sindingathe."

Anatsika pang'onopang'ono. Soukeyna anafuna kumukwiyira, koma mkwiyo sunabwere. Zikanakhala zosavuta akanakhala munthu woipa.

* * *

Bambo ake anamuitana dzuwa likulowa. Anali okha m'chipinda chawo chochezera, atakhala pamkeka, ketulo ya tiyi ili pa kambaula. Kubwalo kunkamveka mawu a azakhali akukambirana za nsalu ndi amayi ake a Soukeyna.

"Khala apa, mayi wanga," anatero. Ankamutcha choncho chifukwa anamupatsa dzina la amayi awo.

Soukeyna anakhala. Anali atakonza mawu pamasitepe, ndipo anaganiza zowanena asanathawe.

"Bambo, chithunzi chija sanatumize ndi Latyr."

Bambo ake anathira tiyi m'katambula, n'kumubwezera m'ketulo, n'kuthiranso.

"Ndikudziwa."

Soukeyna anadzutsa mutu.

"Mnzanga amene ndimacheza naye amakhala kuseri kwa khoma limenelo. Ndinadutsapo mnyamatayo ali pamakwerero, akumaliza maso. Ndinaima nthawi yaitali. Munthu wotumidwa sajambula maso choncho." Anamupatsa Soukeyna katambula. "Ndinamufunsa dzina. Anatsika, anapukuta manja, anandipatsa moni ngati mwana woleredwa bwino. Sanadziwe kuti ndine ndani. Ine ndinabwera kunyumba, ndipo chakudya sichinalowe."

"Ndiye mwamuona, bambo. Mwaona kuti ndi munthu."

"Ndi munthu. Mwina woposa ambiri amene ndimapemphera nawo." Anapukusa mutu. "Ukanakhala mwana wanga yekha, mwina ndikanatseka makutu. Koma uli ndi ang'ono ako awiri. Ukudziwa mmene anthu athu alili. Adzadya mpunga wa paukwati wako, adzavina, kenako palibe adzagogode pano kufunsira ang'ono akowo. Ana ako adzawatchula dzina la osula kumbali. Ine sindinapange zimenezi, mayi wanga. Ndinazipeza."

"Mukhoza kuzisiya."

"Ndinadikira kuti ubwere undiuze wekha. Tsiku lililonse ndinkati lero abwera, ndimve kuti mtima wake walimba bwanji. Ukanabwera, sindikudziwa kuti ndikanayankha chiyani. Mwina ukanandigonjetsa." Anamuyang'ana mwachifundo. "Sunabwere. Lero azakhali ako andiimbira, ndipo ndawayankha. Latyr abwerera ku Italy posachedwa. Timanga ukwati kumzikiti Lachisanu likubwerali, akatha mapemphero a masana."

Soukeyna anaika katambula pamkeka. Ankadziwa mmene zimachitikira. Kumzikiti kumapita amuna okha. Amagawana kola, amapemphera, ndipo mkwatibwi amamva ali kunyumba kuti wakwatiwa.

"Simungamange popanda ine kuvomera, bambo. Munandiphunzitsa ndinu."

"N'zoona. Sindingamange ukwati umene mwana wanga wakana."

Kunja kunamveka kuitana kwa pemphero la madzulo. Bambo ake anadzuka movutikira, atagwira bondo, n'kutenga chipewa chawo pa msomali. Pakhomo anaima, osatembenuka.

"Koma lero, pamsewu, pamaso pa azakhali ako ndi anthu a ku Medina, anakufunsa ngati wakondwa. Unayankha wekha. Ngati ukufuna kubweza mawu amenewo, tuluka ukawabweze pamaso pa mlongo wanga, ndipo unene dzina la mnyamatayo mokweza, pabwalo pano, amayi ako ndi ang'ono ako akumva."

Anatsegula chitseko n'kuchisiya chotsegula. Pabwalo azakhali anali atatambasula nsalu yoyera pamiyendo pawo, ang'ono ake awiri atagwira mbali ndi mbali, akuseka. Atamuona Soukeyna, azakhali anamukodola ndi dzanja.

"Bwera kuno, mpongozi. Tiyese ngati ikukukhala."